Kodi wophunzira angapatsidwe overdraft asanayambe yunivesite? Yankho kwa malume a ku Chadiza

Funso lachokera kwa bambo wina wa m'boma la Chadiza, ndipo mwachidule likuti: "Mwana wa mlongo wanga, amene ndamulera kuyambira pamene bambo ake anamwalira, wapatsidwa malo pa Copperbelt University ku Kitwe. Ali ndi zaka 19 ndipo sanakhalepo ndi akaunti ku banki. Mwana wa mnzanga amene akuphunzira ku Britain anamuuza pafoni kuti asanayambe sukulu atsegule akaunti ya ophunzira yokhala ndi overdraft, kuti ndalama zikamuthera azitapa za banki popanda chiwongoladzanja. Ine ndine mlimi wa nshawa ndi soya, ndipo ndalama ndimaziona pambuyo pokolola basi. Kodi tipite ku banki iti ku Chipata, titenge chiyani, ndipo overdraft imeneyo adzamupatsa?"

Bambo, zikomo chifukwa cha funso lanu, komanso chifukwa cha ntchito imene mwagwira pa mwana wa mlongo wanu mpaka kumufikitsa pakhomo la yunivesite. Funso lanu lili ndi mbali ziwiri, ndipo mayankho ake ndi osiyana. Akaunti atsegule, ndipo atsegule msanga, akali kuno kwathu kumene anthu omuchitira umboni ali pafupi. Koma overdraft musaiike m'mawerengero anu, chifukwa kuno ku Zambia banki sipereka nkhongole yotere kwa mwana amene salandira malipiro, ndipo ngakhale itapezeka ina yovomera, singakhale yopanda chiwongoladzanja monga momwe anamufotokozera.

Mwana wa mnzanuyo sananame, koma zimene ananenazo ndi za dziko limene akukhala. Ku Britain mabanki amapikisana pokopa ophunzira a chaka choyamba, ndipo nyambo yawo yaikulu ndi overdraft yopanda chiwongoladzanja, imene malire ake nthawi zambiri amakhala pakati pa mapaundi 1,000 ndi 3,000, malinga ndi banki komanso chaka chimene wophunzirayo wafika. Kuti aipeze, wophunzira amaonetsa umboni wochokera ku UCAS, bungwe limene limayendetsa kalembera wa ofuna malo m'mayunivesite a kumeneko. Mabankiwo amachita zimenezi chifukwa amadziwa kuti nkhongole ya boma yothandizira wophunzira pa chakudya ndi malo ogona imalowa mu akauntiyo katatu pachaka mosalephera, komanso amayembekezera kuti munthuyo akadzayamba ntchito sadzachoka pa banki imene anaizolowera. Ngakhale kumeneko ndalamazo si mphatso, pakuti munthu akamaliza maphunziro malire aja amachepetsedwa chaka ndi chaka mpaka chiwongoladzanja chiyambe kuwerengedwa. Chinanso n'chakuti mabanki ambiri a kumeneko amafuna munthu amene wakhala m'dzikolo kwa zaka zosachepera zitatu, kotero kuti mwana wochokera ku Zambia amene wangotsika ndege amapatsidwa akaunti wamba yopanda overdraft.

Kuno kwathu, wogwira ntchito m'banki akalandira pempho la overdraft amayamba ndi funso limodzi, lakuti ndalama zobwezera zidzachokera kuti. Mayankho amene banki imawalandira ndi ochepa: malipiro a pamwezi amene akhala akudutsa mu akauntiyo kwa miyezi ingapo, ndalama za bizinesi zimene zimaoneka zikulowa ndi kutuluka mu akaunti, kapena chikole chonga ndalama zosungitsidwa kwa nthawi yoikika kapena nyumba yokhala ndi mapepala ake. Kalata yakuti mwana walandiridwa ku yunivesite ndi yamtengo wapatali kwa inu ndi ine, koma kwa wobwereketsa ndi umboni wakuti munthuyu kwa zaka zinayi kapena zisanu azingodya osalandira malipiro. Ndalamanso kuno n'zodula. Mu 2025 mlingo wa chiwongoladzanja umene Bank of Zambia imaika kuti utsogolere mabanki onse unafika pa 14.5 peresenti, ndipo m'zaka zaposachedwapa mabanki akhala akubwereketsa anthu wamba pa 25 peresenti pachaka kapena kupitirira. Banki imene imalipira chiwongoladzanja kwa anthu osungitsa ndalama singatembenuke n'kubwereketsa ndalama zomwezo kwaulere kwa munthu wopanda malipiro.

Ndi bwino kumvetsa momwe overdraft imagwirira ntchito, chifukwa ambiri amaganiza kuti ndi ndalama zoonjezera zimene banki imaika mu akaunti. Kwenikweni ndi chilolezo chakuti munthu apitirize kutapa ngakhale ndalama zake zitatha, mpaka pa malire amene agwirizana, ndipo chilolezocho chimaikidwa pa akaunti ya mtundu wa current, yolandirira ndi kulipirira ndalama tsiku ndi tsiku, osati ya savings, yosungiramo ndalama. Chiwongoladzanja chimawerengedwa tsiku ndi tsiku pa ndalama zimene watapa. Tiyerekeze kuti mwana watapa K2,000 pa 30 peresenti pachaka. Pamwezi chiwongoladzanja chingakhale pafupifupi K50, kuonjezera pa ndalama imene banki imadula pokonza pangano. K50 si ndalama yoopsa, ndipo vuto silili pamenepo. Vuto n'lakuti ndalama iliyonse yolowa mu akauntiyo imayamba yatseka dzenje lija mwini wake asanaigwire. Inu mutagulitsa matumba anu a soya n'kumutumizira K2,500 ya lendi, iye adzaona K450 yokha, ndipo kuti alipire lendiyo adzayenera kutapanso za banki. Motero munthu amatha chaka chonse akudya ndalama za mwezi wamawa. Komanso pangano la overdraft kawirikawiri limapatsa banki ufulu woitanitsa ndalama zake kapena kuchotsa malirewo nthawi iliyonse, ngakhale pakati pa mayeso.

Pali overdraft ina imene ophunzira amakumana nayo osaipempha, ndipo iyi ndi imene ndikufuna kuti muitchere khutu kwambiri. Maakaunti ena amadulidwa ndalama mwezi uliwonse, kaya mwini wake waigwiritsa ntchito kaya ayi. Ngati mu akaunti mulibe kanthu, mabanki ena amalembabe ndalamayo ngati nkhongole, ndipo imaunjikana mwakachetechete. Pa zaka zimene ndinagwira ntchito pa kauntala ya banki ina, ndinaona mtsikana wina amene anatsegulitsidwa akaunti ya current ndi wachibale wake wofuna kumuchitira zabwino, miyezi isanu ndi umodzi sukulu isanatsegulidwe. Anaikamo kandalama kochepa n'kubwerera kumudzi. Pamene ndalama zake zoyamba za chakudya zinalowa, mbali ina inamezedwa pomwepo ndi zodula za miyezi yonse ija, ndipo anabwera akulira poganiza kuti wina wamubera. Palibe amene anaba, zonse zinali zolembedwa pa fomu imene anasaina osawerenga, koma ine amene ndinamuuza zimenezo sindinamve bwino tsiku limenelo.

Choncho pofika ku banki musanene kuti mukufuna akaunti basi. Nenani kuti mukufuna akaunti ya ophunzira kapena ya achinyamata, ndipo ngati palibe, akaunti ya savings yotsika mtengo. Funsani kuti imadulidwa zingati pamwezi, kuti ndi ndalama zingati zimene ziyenera kutsalamo nthawi zonse, kuti kutapa pa ATM ya banki yomweyo ndi pa ATM ya banki ina n'zingati, kuti kusamutsa ndalama kupita ku Airtel Money kapena MTN MoMo n'zingati, ndiponso kuti akaunti ikakhala miyezi ingati osaigwiritsa ntchito imagonekedwa. Funsaninso kuti mwayi wa akaunti ya ophunzira umatha pa msinkhu wanji kapena pa chaka chiti, chifukwa ikangotha nthawi yake imasanduka akaunti wamba yokhala ndi zodula zake. Banki iliyonse ili ndi ndandanda ya mitengo yake, ndipo muli ndi ufulu woiona musanasaine. Dziwaninso kuti mu 2018 Bank of Zambia inaletsa mabanki kudula makasitomala ndalama pa zinthu zingapo, monga kutseka akaunti ndi kuidzutsa ikagona, kotero kuti mukaona mwadulidwa pa zoterezi mufunse mwaulemu koma mosaopa. Dandaulo limayambira pa banki pomwepo, makamaka polemba kalata, ndipo likakanika kumeneko limapita ku Bank of Zambia.

Tsopano za zonyamula. Choyamba ndi NRC yake yeniyeni, chitupa cha unzika chobiriwira chija, pamodzi ndi fotokope yake. Popeza ali ndi zaka 19 adzasaina yekha ndipo akaunti idzakhala m'dzina lake, pamene mwana wosakwana zaka 18 amafunika kholo kapena womulera kuti asaine naye. Chachiwiri ndi TPIN, nambala ya manambala khumi yochokera ku Zambia Revenue Authority, imene masiku ano mabanki amafuna kwa aliyense wotsegula akaunti. Makolo ambiri amachita mantha akamva za TPIN poganiza kuti mwana ayamba kulipira msonkho, koma nambalayo ndi yomudziwikitsa chabe, ndipo wopanda malipiro sakhala ndi msonkho wa pa malipiro. Imaperekedwa kwaulere pa intaneti kapena ku ofesi ya ZRA ku Chipata, kotero kuti wina akakulipiritsani, mukulipira ntchito yake yolemba pa kompyuta, osati TPIN. Atengenso kalata yomulandira ku yunivesite, zithunzi ziwiri zazing'ono za pasipoti, ndi kandalama koyambira akaunti. Chotsiriza, chimene chimabweza anthu ambiri a kumudzi, ndi umboni wa kumene amakhala. Wa m'tauni ngati ku Kapata kapena ku Kalongwezi amaonetsa pepala la magetsi a ZESCO kapena bilu ya madzi, koma kwa inu a ku Chadiza chofala ndi kalata yodindidwa yochokera kwa anyakwawa, kwa ahedi a sukulu imene anaphunzira, kapena kwa abusa a mpingo wanu. Mabanki amasiyana pa makalata amene amalandira, choncho imbani foni kapena tumani munthu akafunse musanalipire galimoto.

Mapepala onsewa muwayale pamphasa usiku umodzi n'kuyerekeza maina ake chilembo ndi chilembo. Kwathu kuno si zachilendo kuti mwana alembedwe ndi chiwongo cha bambo ake kusukulu, koma pa NRC n'kulembedwa ndi cha malume amene anamuperekeza, kapena kuti dzina limodzi lilembedwe Chisomo pena, Cisomo pena. Satifiketi ya Giredi 12 yochokera ku Examinations Council of Zambia, NRC, kalata ya yunivesite, TPIN ndi akaunti ziyenera kunena munthu mmodzi. Zikasiyana, ndalama zotumizidwa zimatha kubwezedwa kumene zachokera, ndipo kukonza zimenezi mwana ali ku Kitwe pamene mboni zake zili ku Chadiza ndi ntchito yowawa. Ngati pali kusiyana, pitani naye kwa Commissioner for Oaths akalumbire pa pepala kuti maina onsewo ndi ake, ndipo asunge makope angapo. Chimodzimodzinso ndi SIM khadi ya foni yake. Achinyamata ambiri amagwiritsa ntchito nambala imene inalembetsedwa pa NRC ya amayi awo kapena ya mkulu wawo pamene iwo anali asanatenge yawo. Nambala imene idzalumikizidwa ku akaunti ndi imene idzalandira mauthenga ndi manambala achinsinsi otsimikizira malipiro, ndipo foni ikabedwa, kampani ya mafoni imabwezeretsa nambalayo kwa mwini NRC yekha.

Mwafunsa kuti banki iti. Sinditchula imodzi kuti ndiyo yoposa zonse, chifukwa mitengo imasintha ndipo zimene zikuyenerani inu n'zosiyana ndi za wina. Ku Chipata kuli nthambi za mabanki odziwika monga Zanaco, Absa, Stanbic, FNB, Indo Zambia Bank ndi Natsave, ndipo posankha muyang'ane mbali zonse ziwiri za ulendo wa ndalamazo. Mbali ya mwana, banki ikhale ndi nthambi kapena ATM pafupi ndi sukulu yake ku Riverside mumzinda wa Kitwe, kuti asamalipire basi ndi zodula za ATM ya banki ina nthawi iliyonse akafuna K100. Mbali yanu, ikhale ndi nthambi kapena ejenti pa boma la Chadiza, kapena ilole kulandira ndalama kuchokera pa mobile money, kuti musamapite ku Chipata mwezi uliwonse. Musanasankhe, werengani bwino mapepala amene anabwera ndi kalata yomulandira, ndiponso malangizo a bungwe la nkhongole za ophunzira, chifukwa ngati atchula banki kapena njira imene amalipirira ophunzira, kutsatira zimenezo kudzakupulumutsani ku kutsegula akaunti yachiwiri.

Ena angakuuzeni kuti mobile money ndi yokwanira ndipo banki ndi yosafunika. Pa kugula ndiwo ndi kulipira basi akunena zoona, ndipo mwanayo akhale nayo. Koma akaunti ya banki imasiya mbiri yolembedwa imene idzamuthandiza pofunsira thandizo la maphunziro, ntchito kapena nkhongole yeniyeni m'tsogolo, ndipo ndalama zokhala m'banki sizituluka mofulumira ngati zokhala pafoni, pamene kubetcha pa mpira kuli pafupi kwambiri ndi chala cha mnyamata. Kumbukiraninso kuti kuyambira mu January 2024 boma limadula msonkho pa ndalama zotumizirana pa mobile money, kuonjezera pa zodula za kampani, kotero kuti kutumiza pang'onopang'ono kakhumi pamwezi kumadya ndalama zambiri kuposa kutumiza kamodzi kapena kawiri.

Nkhongole imene inapangidwira wophunzira wa ku Zambia si ya banki, koma ya Higher Education Loans and Scholarships Board, imene anthu amangoitchula kuti HELSB. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016 m'malo mwa Bursaries Committee yakale, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero ophunzira amatchula ndalama zawo za chakudya kuti BC. Limathandiza ophunzira a m'mayunivesite a boma, kuphatikizapo Copperbelt University, pa fizi, malo ogona, mabuku ndi chakudya. Ndalama za chakudya zinaimitsidwa mu 2019 ndipo zinabwezeretsedwa mu 2023. Si onse opempha amene amapatsidwa. Popeza mwanayu ndi wamasiye wa bambo ndipo akuchokera kumudzi, sonkhanitsani umboni wa zimenezi, monga chikalata cha imfa kapena kalata ya amfumu ndi ya ofesi yoona za umoyo wa anthu pa boma, ndipo apemphe nthawi yoikika isanathe. Mumuuzenso momveka kuti iyi ndi nkhongole, osati mphatso monga ankaganizira akale. Imakhala ndi chiwongoladzanja, amapatsidwa chaka chimodzi chopuma akamaliza maphunziro, ndipo kuyambira mu 2018 boma limaidula pa malipiro a amene anapindula nayo. Komabe pa nkhongole zonse zimene wophunzira angapeze, iyi yokha ndi imene imadikira kuti ayambe wamaliza sukulu.

Apa ndi pamene pali dzenje lenileni limene mwana wa mnzanu uja ankafuna kulitseka ndi overdraft. Ngakhale wapatsidwa nkhongole ya HELSB, ndalama sizilowa tsiku limene wafika pasukulu. Ayenera kuyamba walembetsa, maina ayenera kutsimikizidwa, ndipo pamadutsa masabata asanaone kanthu mu akaunti. Koma zofunika sizidikira. Pali basi ya makilomita pafupifupi 570 kuchokera ku Chipata kudzera ku Katete, Petauke ndi Nyimba kukafika ku Lusaka, ndi inanso ya makilomita oposa 350 kukafika ku Kitwe. Pali ndalama zolembetsera ndi zina zing'onozing'ono zimene yunivesite imafuna poyamba, ndipo popeza malo ogona a pasukulu sakwanira onse, ambiri amakhala m'nyumba za lendi zozungulira sukulu, kumene eni ake amafuna ndalama za patsogolo. Onjezerani zofunda, mapoto, mbale, ufa ndi ndiwo. Langizo langa ndi lakuti muwerengere miyezi iwiri yathunthu ngati kuti thandizo lililonse silidzabwera, ndipo ndalama ya miyezi iwiriyo ikhale yokonzeka asananyamuke.

Mwanena kuti ndalama mumaziona pambuyo pokolola basi, ndipo ichi n'chimene chiyenera kutsogolera dongosolo lanu lonse. Mlimi amalandira kamodzi pachaka pamene wophunzira amadya tsiku lililonse, choncho pakufunika nkhokwe pakati pa awiriwa. Mukagulitsa nshawa ndi soya, patulani gawo la mwanayo tsiku lomwelo n'kuliika mu akaunti ya savings ya m'dzina lanu, yosiyana ndi imene mumagulira feteleza ndi mbewu, ndipo kuchokera m'menemo muzimutumizira ndalama yofanana pa tsiku lodziwika mwezi uliwonse. Musamupatse zonse nthawi imodzi, osati chifukwa chakuti ndi mwana woipa, koma chifukwa munthu wa zaka 19 amene sanagwirepo K10,000 m'manja mwake, atazunguliridwa ndi anzake atsopano, sangaifikitse ku mwezi wachisanu. Pamwamba pa za mwezi ndi mwezi, sungani kandalama kena ka ngozi, ka matenda, maliro kapena kuchedwa kwa BC, kamene iye akudziwa kuti kalipo koma kotuluka pokhapokha atakuimbirani n'kufotokoza. Imeneyo ndiyo overdraft yomuyenera, yopanda chiwongoladzanja ndiponso yosawononga dzina lake. Mumuuze kuti BC ikalowa azibweza zimene anatenga m'thumba la ngozilo, kuti aphunzire kubweza nkhongole kwa malume ake asanakumane ndi wobwereketsa wopanda chisoni. Ngati muli m'chilimba kapena m'gulu la banki ya m'mudzi, pemphani anzanu kuti mulandire pa mwezi umene sukulu ikutsegulidwa, ndipo ngati pali achibale ena ofuna kuthandiza, agwirizane mwezi wa aliyense m'malo moti onse apereke pa tsiku lotsanzikana n'kukhala chete chaka chonse.

Muyenera kukambirana naye za kaloba, nkhongole ya chiwongoladzanja chokwera yochokera kwa anthu wamba, asanapite, chifukwa banki ikamukana, a kaloba sadzamukana. Pozungulira sukulu zikuluzikulu pali anthu, ena mwa iwo ophunzira anzake, obwereketsa pa 30 kapena 50 peresenti pamwezi, ndipo amasunga foni, laputopu, ngakhale khadi la ATM pamodzi ndi PIN yake ngati chikole. K2,000 ija imene pa banki inkabala K50 pamwezi, pa kaloba wa 30 peresenti imabala K600, ndipo akalephera kubweza kwa miyezi itatu chiwongoladzanja chikuberekerana, nkhongoleyo imafika pa K4,394. Lamulo la obwereketsa ndalama la dziko lino limafuna kuti wobwereketsa akhale ndi chilolezo, ndipo limaona chiwongoladzanja chopitirira 48 peresenti pachaka ngati chopyola muyezo, koma mwana amene laputopu yake ili m'manja mwa munthu sabata ya mayeso saganiza za khoti. Nkhongole za pafoni, zija zimabwera ndi uthenga wakuti mwayenerera kutenga ndalama zakutizakuti, n'zololedwa ndi lamulo zikakhala za makampani olembetsedwa, koma zodula zake za sabata imodzi kapena mwezi umodzi mukaziwerengera pachaka zimaposa kutali za banki. Obwereketsa olembetsedwa amatumizanso maina a osabweza ku bungwe losunga mbiri ya nkhongole, limene anthu amalitcha CRB, loyendetsedwa ndi TransUnion motsatira lamulo la mu 2018. K300 yoiwalika m'chaka choyamba ingathe kudzatsekereza nkhongole ya nyumba kapena ya galimoto pamene wayamba ntchito.

Inunso mudzisamale pa mbali imodzi. Wina angakuuzeni kuti mwanayo angapatsidwe nkhongole ngati inu mutasaina monga womuimira. Kusaina kotero kumatanthauza kuti iye akalephera, nkhongole yonse ndi yanu, ndipo wobwereketsa angagwire katundu wanu. Ngati zinthu zitafika pothina moti nkhongole singapeweke, ndi bwino muitenge inu mwini m'dzina lanu, pa mlingo umene zokolola zanu zingabweze, mutawerenga pepala lachidule lotchedwa Key Facts Statement limene limaonetsa ndalama zonse zimene mudzabweza, osati kudalira mawu a pakamwa a wogulitsa nkhongole.

Akaunti ikatsegulidwa, PIN ndi yake yekha. Asauze mnzake wogona naye chipinda chimodzi, asauze chibwenzi, ndipo inunso musamufunse. Palibe wogwira ntchito wa banki kapena wa kampani ya mafoni amene amaimba foni kufunsa PIN kapena nambala yachinsinsi yobwera pa uthenga, choncho woimba wotere ndi wakuba ngakhale atatchula dzina lonse la mwanayo. Nyengo yotsegulira sukulu ndi imene mauthenga aja akuti tumizani ndalama pa nambala iyi amachuluka, ndipo ena amadzitcha a ofesi ya malo ogona kapena othandiza kuti dzina lituluke pa mndandanda wa HELSB. Fizi imalipiridwa mu akaunti ya yunivesite yolembedwa pa mapepala ake, polembapo nambala ya wophunzira, osati pa foni ya munthu, ndipo kapepala ka banki kosonyeza kuti mwalipira kajambulidwe pafoni n'kusungidwa. Asalolenso kuti munthu wina adutsitse ndalama mu akaunti yake pomulonjeza kangachepe, chifukwa ndalamazo zikapezeka kuti n'zakuba, dzina limene apolisi adzalipeza ndi lake.

Pa tsiku lopita ku Chipata, nyamukani m'mawa pakati pa sabata, ndipo pewani masiku a kumapeto kwa mwezi pamene mizere ya olandira malipiro imatuluka mpaka panja. Ngati TPIN sanaitenge pa intaneti, yambani ku ZRA, kenako mupite ku banki. Mulole kuti iye alankhule yekha ndi wa pa kauntala ndi kulemba fomu ndi dzanja lake, inu mutakhala pambali, chifukwa ku Kitwe adzakhala yekha. Asaine monga momwe adzasainira nthawi zonse. Musachoke asanalumikize akauntiyo ku foni yake, ndipo mufunse ngati khadi la ATM likutuluka tsiku lomwelo kapena liyenera kudikiridwa, pakuti likachedwa lidzafika ku nthambi ya Chipata iye ali kale ku Copperbelt. N'chifukwa chake ulendowu uyenera kuchitika mwezi umodzi sukulu isanatsegulidwe. Mukatuluka, mumutumizire K20 kuchokera pafoni yanu muli pomwepo pakhonde la banki, muone ngati yalowa ndiponso kuti mwadulidwa zingati, kenako, ngati khadi latuluka, iye ayese kutapa ndalama pa ATM inu mukuona.